Ulendo wa ulaliki kuchokera ku Nkhoma mpaka ku Chembe

Lolemba, ku Nkhoma

Tanyamuka ku Lilongwe dzuwa litakwera kale chifukwa jenereta imene tinabwereka inakana kuyaka mpaka achinyamata atatsuka pulagi. M'galimoto muli abusa athu opuma, amayi awiri a Chigwirizano, achinyamata atatu oimba, ndi ine amene ndapatsidwa kope lolembamo za ulendowu. Kumbuyo tapakira zokuzira mawu ziwiri, katoni ya Mabaibulo, thumba la ufa ndi mabulangete, pakuti kuzizira kwa June ku Nkhoma si kochita nako masewera.

Tinakhota pa Kamphata kusiya msewu wa M1, ndipo phiri la Nkhoma linali patsogolo pathu njira yonse. Mishoni ya kuno inayamba mu 1896, pamene T.C.B. Vlok wa mpingo wa Dutch Reformed anafika m'dziko la mfumu Mazengera. Nthawi imeneyo anthu ambiri ankakhala m'phirimo pothawa nkhondo. Lero pali tchalitchi chachikulu, chipatala, sukulu ya abusa ndi likulu la sinodi ya Nkhoma ya mpingo wathu wa CCAP. Tagona kwa mkulu wina wa mpingo amene watilandira ndi nsima ya nyemba ndi mpiru wotendera.

Titadya, abusa anatisonkhanitsa pakhonde n'kutiwerengera Ezekieli 33, za mlonda amene aona lupanga likubwera koma osaomba lipenga. Kenako anaika malamulo awiri a ulendowu. Loyamba, sitidzayendetsa mbale ya chopereka pamsonkhano uliwonse wa panja. Lachiwiri, sitidzawerenga manja okwezedwa kuti tikanene chiwerengero kumpingo. Mmodzi wa achinyamata anafunsa kuti nanga lipoti tidzalemba chiyani. Abusa anati tidzalemba zimene tinalalika ndi amene tawasiyira anthuwo kuti awasamale.

Asanatseke ndi pemphero anayang'ana atsikana awiri oimba aja, amene aliyense kumpingo akudziwa kuti sakhala akulankhulana kuyambira pa Isitala. "Ana anga, mawa mukaima pamsika kuuza anthu kuti ayanjane ndi Mulungu. Inuyo mwayanjana?" Panakhala zii. Tinawasiya awiriwo pakhondepo ndi amayi a Chigwirizano, ndipo pamene ndikulemba izi ndikuwamva akuyeserera limodzi nyimbo ya mawa.

Lachiwiri, pamsika

Lero linali tsiku la msika pamalo ena a malonda kufupi ndi kuno. Ino ndi nyengo yogulitsa zokolola, ndiye mavenda a soya, mtedza ndi chimanga andanda m'mbali mwa msewu, aliyense ndi sikelo yake yopachika pamtengo wa mphanda. Alimi akubwera pa njinga ndi pa ngolo, amayi atasenza mabeseni. Tinapempha kaye chilolezo kwa wapampando wa msika, kenako tinaimika zokuzira mawu pansi pa mtengo wa mango.

Abusa anawerenga Luka 3. Anthu atamufunsa Yohane Mbatizi kuti tichite chiyani, sanawayankhe mozungulira. Wamalaya awiri agawireko wopanda, wokhometsa msonkho asalipitse kuposa zimene analamulidwa, msilikali asalande za anthu ndipo akhutire ndi malipiro ake. Atatseka Baibulo, abusa anatembenukira kumene kunali masikelo.

Ananena za sikelo yopotozedwa, imene thumba la makilogalamu 50 imaliwerenga ngati locheperapo, mlimi n'kubwerera kwawo atataya thukuta la chaka chonse. Anatchula Miyambo 11, pamene akuti muyeso wonyenga umanyansa Yehova. Alimi anayamba kuomba m'manja, ena n'kumaloza mavenda. Abusa anakweza dzanja kuti akhale chete, n'kuwafunsa kuti nanga amene amathira mchenga pansi pa thumba la soya ndani, amene amawaza madzi m'chimanga kuti chilemere ndani. Kuomba m'manja kunathera pomwepo. Anapitiriza ndi a katapila, amene amabwereketsa ndalama mu January njala itafika povuta kuti adzatenge kawiri pokolola, ndipo ananena poyera kuti ena mwa iwo ndi akulu a mpingo amene Lamulungu amagawa mgonero.

Venda wina anakuwa ali pa sikelo yake: "Abusa, lalikani za kumwamba, za sikelo tisiyireni ife!" Anthu anaseka. Abusa sanakwiye. Anati, "Mwana wanga, za kumwamba ndi zomwezi. Yesu anafera anthu a masikelo ngati iwe ndi abusa ngati ine. Bwera ndi sikelo yako yomweyo, sakukana." Kuchokera apo analalika za mtanda, ndipo analalikapo nthawi yaitali kuposa imene anathera potchula machimo. Ichi ndachisunga mumtima. Ndamvapo alaliki ambiri apamsika amene amakalipa mpaka mawu kusasa, anthu n'kubalalika atamva kuti ndi oipa koma osamva kumene angathawire.

Titayamba kulongedza, mnyamata wina wazaka za m'ma 20 anabwera kuseri kwa galimoto, manja ali mbuu ndi fumbi la soya. Sanali wokuwa uja. Anafunsa motsitsa mawu ngati munthu wolapa ayenera kubweza zimene anabera anthu. Abusa anamuuza za Zakeyu. Mnyamatayo anati sikeloyo si yake, anapatsidwa ndi bwana wake wa ku tauni ili yokonzedwa kale, ndipo akapanda kufikitsa makilogalamu amene bwanayo akuyembekeza, ntchito yatha, pamene kunyumba kuli mkazi ndi khanda. Abusa anakhala naye pansi nthawi yaitali. Sanamulonjeze kuti Mulungu amupatsa ntchito ina mawa lomwe. Anamuuza kuti kutsata Yesu kungamutayitse ntchitoyo ndithu, ndipo anaitana mkulu wa mpingo wa m'deralo kuti amudziwe nkhope ndi kwawo, asadzasenze yekha zikadzavuta.

Lachitatu, ku Mvera

Tabwerera kudzera ku Lilongwe n'kulowa msewu wa ku Salima mpaka ku Mvera, m'boma la Dowa. Apa ndi pamene ntchito ya sinodi yathu inayambira, pa 28 November 1889, pamene A.C. Murray ndi Vlok anamanga msasa m'dziko la mfumu Chiwere ya Angoni. Malowa ali pamtunda, ndipo kukakhala kowala umaona chigwa chotsikira kunyanja.

Lero sitinayatse jenereta. Tinagawikana awiriawiri kuyenda khomo ndi khomo pamodzi ndi akhristu a kuno, ine ndinali ndi mmodzi wa amayi a Chigwirizano. Kulowa pakhomo la munthu n'kosiyana kwambiri ndi kuima pamsika. Umayamba ndi odi, akupatse mpando kapena mkeka, mufunsane za moyo, za ana, za mmene akololera, ndipo nkhani ya Mulungu imabwera munthu atakuona kuti sunathamangire kupita.

Pakhomo lina tinapeza agogo aakazi akusola mtedza. Atamva kuti ndife a ulaliki anatuma mdzukulu kukatenga Baibulo lawo. Linali Buku Lopatulika lakale, chikuto chitasokedwa ndi ulusi wa thumba, masamba a Masalimo atada ndi zala. Baibulo limeneli linasindikizidwa koyamba mu 1922, patatha zaka zambiri W.H. Murray ndi anzake, azungu ndi Amalawi omwe, akulimasulira. Agogowo maso anachita mdima, sawerenganso, koma mdzukulu akalakwitsa vesi amamukonza. Anatifunsa funso limene sindinaliyembekezere: "Inu a ku tauni mumabwera ndi zoimbira zanu, anthu n'kulira, m'mawa mwake mwapita. Amene alira aja mumawasiyira yani?" Ndinawafotokozera kuti aliyense amene wafuna kulapa tikumupereka kwa akulu a mpingo a m'mudzi mwake kuti alowe kalasi yophunzira za chikhristu. Anagwedeza mutu n'kunena kuti ngati ndi choncho tipitirize.

Pakhomo lina zinali zowawa. Mayi wachitsikana ali ndi mwana wodwaladwala, ndipo pazenera panali kabotolo ka madzi amene anagula kwa mneneri wina wa mumzinda. Anagulitsa mbuzi kuti apeze ndalama ya madziwo ndi yoyendera. Anauzidwa kuti mwanayo analodzedwa ndi apongozi ake, ndiye kuyambira pamenepo sapondana pakhomo. Amayi amene ndinali nawo anamufunsa ngati mneneriyo ananenapo chilichonse chokhudza moyo wa iye mwini pamaso pa Mulungu. Anati ayi, anangonena za adani.

Izi zimandipweteka kwambiri. Uthenga umene ukufala masiku ano umauza munthu kuti vuto lake lonse lili kunja: mfiti, apongozi, mnzake wa kuntchito, mzimu wa kumtundu. Munthu amatuluka m'mapemphero ali ndi mndandanda wa adani, mtima wake osakhudzidwa n'komwe, thumba litapepuka. Paulo potsanzikana ndi akulu a ku Efeso, mu Machitidwe 20, anawakumbutsa kuti anaphunzitsa poyera ndi m'nyumba m'nyumba za kutembenukira kwa Mulungu ndi kukhulupirira Yesu, kuti anachenjeza aliyense ndi misozi kwa zaka zitatu, ndiponso kuti sanasirire siliva kapena golide wa munthu aliyense. Mlaliki amene sangathe kunena mawu otsirizawa ali ndi nkhope yowala, ine sindimukhulupirira pa oyambawo.

Tinapemphera naye mayiyo, tinamulimbikitsa kuti apite ndi mwana kuchipatala m'mawa, ndipo amayi a Chigwirizano a pamudzipo avomera kumuperekeza kwa apongozi ake akakonzeka.

Lachinayi, panjira

Tsiku lonse lathera mumsewu. Kuchoka ku Mvera kutsikira ku Salima kunayamba kutentha, majuzi onse tinavula. Pa Salima tinaima kudya, ndipo bambo wina wachisilamu wogulitsa nsalu anaona katoni ya Mabaibulo n'kuyamba kucheza ndi abusa. Anakambirana za Yesu kwa nthawi ndithu, aliyense akunena chimene amakhulupirira mosabisa, popanda wokweza mawu. Abusa ananena momveka kuti ife timakhulupirira kuti Yesu anafa ndi kuuka chifukwa cha machimo athu, bamboyo anati iwo sakhulupirira choncho, ndipo posiyana anagwirana chanza ndi manja awiri. M'galimoto abusa anauza achinyamata kuti akawerenge 1 Petro 3, pamene akuti tiziyankha za chiyembekezo chathu mofatsa ndi mwaulemu.

Tinadutsa pa Chipoka, kenako mphambano ya ku Mua kumene ansembe a White Fathers anayamba mishoni yawo mu 1902. Pa Golomoti tinakhotera kummawa kulowera ku Monkey Bay. Tafika ku Chembe kutada, mwera ukuwomba, nyanja ikumveka koma osaoneka. Tagona m'tchalitchi, amuna mbali ina, amayi kunyumba ya mkulu wa mpingo.

Lachisanu, ku Chembe

M'mawa abusa anati tisanalalike aliyense tipite kumanda a amishoni. Ali mkati mwa malo otetezedwa a Lake Malawi National Park, kumapeto kwa mudzi kulowera ku Otter Point, pakati pa miyala ndi mitengo, anyani akungoyendayenda.

Sitima ya Ilala inalowa m'nyanja ino pa 12 October 1875, itanyamulidwa zidutswazidutswa pamitu ya anthu mazanamazana kulambalala mathithi a Shire. Wotsogolera anali E.D. Young, ndipo m'gulumo munali dokotala wachinyamata wazaka 24, Robert Laws. Mfumu Mponda itawaloleza, anamanga mishoni ya Livingstonia pano pa Cape Maclear. Chaka chotsatira kunabwera akhristu anayi achikuda ochokera ku sukulu ya Lovedale ku South Africa, ndipo mmodzi wa iwo, Shadrach Mngunana, anamwalira konkuno mu 1877, chaka chomwe anamwaliranso Dr William Black. Mnzake William Koyi ndi amene pambuyo pake anakakhala pakati pa Angoni a M'mbelwa ku Njuyu, kumene anamwalira mu 1886. Timakonda kukamba nkhani ya uthenga wabwino m'dziko muno ngati ya azungu okha, pamene manda awa akuchitira umboni kuti abale athu a ku Africa konkuno anataya miyoyo yawo pa ntchito yomweyi kuyambira pachiyambi penipeni.

Zaka zoposa zisanu zinatha asanabatize munthu ndi mmodzi yemwe. Woyamba anali Albert Namalambe, amene Laws anamubatiza pa 27 March 1881. Chaka chomwecho mishoni inasamukira ku Bandawe chifukwa cha matenda, kenako ku Khondowe mu 1894. Pamene ankachoka pano, anasiya manda asanu ndi wobatizidwa mmodzi, ndipo Namalambe yemweyo ndi amene anatsala kuyang'anira sukulu ndi mapemphero.

Ndinaima pamenepo ndikuganiza za lamulo la abusa lija losawerenga manja. Laws akanafuna chiwerengero chokasangalatsa nacho amene ankatumiza ndalama ku Scotland, akanachipeza mosavuta. Pamishoni pankakhala anthu ambiri, ena othawa ukapolo, ena ofuna ntchito ndi chitetezo, ndipo akanauzidwa kuti abatizidwe ambiri sakanakana. Anadikira mpaka munthu atamvetsa chimene akuvomera. Mpingo umene unakula kuchokera pamenepo ndi umene mu 1924 unagwirizana ndi wa ku Blantyre kupanga CCAP, ife a Nkhoma n'kulowamo mu 1926. Laws anakhala m'dziko muno mpaka 1927, ndipo anaziona ndi maso ake.

Mmodzi wa atsikana oimba anafunsa abusa kuti iwo akanatha kupirira zaka zisanu osaona chipatso. Abusa anati pampingo wawo woyamba, kumudzi kwina kutali ndi msewu, anakhala zaka zingapo akulalikira mabenchi ambiri opanda anthu, ndipo chimene chinawasunga ndi kudziwa kuti anatumidwa kukanena zoona, kutembenuza mtima ndi ntchito ya Mzimu Woyera. Tinaimba nyimbo imodzi pamandapo n'kubwerera kumudzi wapansi.

Loweruka, kugombe

Usiku wathawu mwera unachepa ndipo asodzi analowa m'madzi. Nyali zawo zinali ngwee cha ku chilumba cha Thumbi mpaka mbandakucha. M'mawa gombe lonse linali usipa. Amayi akuyanika pamathandala, ena akufutsa m'mapoto aakulu, ogula ochokera ku Lilongwe ndi ku Blantyre akukangana mitengo ndi eni zilimira, maukonde aakulu ophera usipa.

Amayi a Chigwirizano sanafune chokuzira mawu. Anamanga zitenje zawo n'kupita kumathandala kukathandiza kuyanika, ndipo nkhani zinayambira pamenepo. Madzulo anatifotokozera zimene anamva, misozi ili m'maso. Nsomba zikachepa, mayi wogula usipa amapeza kuti ndalama yokha sikwanira. Msodzi kapena mwini chilimira amafuna agone naye kuti amugulitse, ndipo mayi amene wabwereka mpamba, ana akudikira kunyumba, nthawi zina amalolera. Zimenezi zimadziwika m'magombe ambiri a nyanja ino, ndipo matenda amayenda njira yomweyo. Mayi wina anawauza kuti anasiya kupita kutchalitchi chifukwa akalowa amamva ngati aliyense akumuloza.

Abusa atamva izi anasintha zimene anakonza kulalika. Anati ngati tikaima pagombe n'kudzudzula amayi okha, tikhala ngati aja anagwira mkazi m'chigololo n'kumubweretsa kwa Yesu yekha, mwamuna atamusiya. Dzuwa litapendeka, asodzi akusoka maukonde pamchenga, anapita kukakhala pakati pawo pa bwato lovundikira. Analankhula ngati bambo kwa ana ake. Anawauza kuti ophunzira oyamba a Yesu anali asodzi ngati iwo, odziwa kugwira ntchito usiku wonse osapha kanthu. Kenako anawauza mosapsatira kuti kugwiritsa ntchito njala ya mkazi wamasiye kuti ugone naye ndi tchimo pamaso pa Mulungu, ngakhale gombe lonse litazolowera, ndipo mwamuna wochita zimenezi ali ndi mlandu woposa wa mkaziyo. Ananenanso za ndalama ya usiku wonse imene imathera pa kachasu dzuwa lisanafike pamutu, mkazi kunyumba alibe ndi ya mchere yomwe.

Ena anadzuka n'kuchoka. Mmodzi anatukwana. Koma ambiri anakhala, singano zili m'manja, maso ali pa ukonde. Bambo wina wachikulire, amene anzake amati ndi siginala (wotsogolera asodzi kumene kuli nsomba) wodziwika pagombepo, anati, "Abusa, mwatilasa. Koma amene amabwera kuno amangotipempherera kuti tiphe nsomba zambiri, za izi satiuza." Abusa anamuyankha kuti nawonso amupempherera kuti aphe nsomba zambiri, koma akanakhala mdani wake akanangolekera pomwepo. Anamaliza ndi Petro, amene anagwada m'ngalawa yodzaza nsomba n'kuvomera kuti ndi munthu wochimwa, ndipo Yesu m'malo momuchokera anamuuza kuti asaope.

Lamulungu

Tchalitchi sichinadzaze kuposa masiku onse. Akhristu a kuno anati alendo analipo ochepa chabe. Mwa iwo ndinazindikira siginala uja, atakhala benchi yakumbuyo, malaya atawamanga mabatani mpaka m'khosi. Mayi uja anati amaopa kulozedwa anabweranso, ndipo amayi a Chigwirizano anamukhazika pakati pawo.

Abusa analalika kwa akhristu eni ake, kuchokera pa Luka 24, pamene Yesu atauka anati kulapa ndi kukhululukidwa kwa machimo kulalikidwe m'dzina lake kwa mitundu yonse. Anati ntchito imeneyi si ya alendo a jenereta. Ndi ya mkhristu amene amayanika usipa pathandala loyandikana ndi mayi uja, ndi ya mkulu wa mpingo amene ali ndi chilimira ndipo angathe kulamula kuti pa bwato lake nsomba zizigulidwa ndi ndalama basi. Anawachenjezanso kuti wolapa akabwera asamulandire ndi manong'onong'o.

Titaweruka, siginala uja sanapite kutsogolo kapena kukweza dzanja. Anadikira anthu atachepa n'kufunsa mkulu wa mpingo kuti kalasi imakumana tsiku lanji ndiponso nthawi yanji, popeza iye m'mawa amakhala akugona pochokera kunyanja. Akulu a mpingo anakambirana pomwepo n'kugwirizana zoyambitsa kalasi ina ya masana, Lachitatu lililonse, kuti asodzi azitha kufikapo.

Lolemba, pobwerera

Tadzera ku Golomoti n'kukwera msewu wokhotakhota wa Khwekhwelere kutulukira ku Dedza, kumene tavalanso majuzi. Galimoto inatentha pakati pa chitunda, tinaima kudikira kuti izizire, ndipo abusa anagwiritsa ntchito nthawiyo kundiuza zolemba m'makalata atatu opita kwa akulu a mpingo a kumene tadutsa. Ya ku Mvera ikufunsa za mwana wodwala uja ndi za apongozi. Ya ku Chembe ikulonjeza Mabaibulo ena a kalasi ya masana, chifukwa amene tinali nawo atha. Ya kumsika kuja ndi yaitali kuposa zinazo. Abusa akupempha akulu kuti akamuyendere mnyamata wa sikelo uja sabata ino, ndipo ngati ntchito yamuthera, afunse pakati pa akhristu ngati alipo amene angamupatse ganyu kapena kamunda ka kudimba kuti alimepo tomato ndi masamba mpaka mvula itagwa.